Momwe mungaphunzirire mayina ophatikiza a Chifalansa

Ngati mumadziwa kuti mtolankhani ndi munthu wotola nkhani, msungichuma ndi wosunga chuma, ndipo mkhalapampando ndi uja wakhala pampando, ndiye kuti theka la phunziroli muli nalo kale m'mutu. Afalansa nawonso amamanga mawu awiri kapena atatu pamodzi kuti apange dzina limodzi, ndipo mayina oterewa amawatcha noms composés. Ine ndinataya miyezi yambiri ndikuwaloweza limodzilimodzi ngati mwana wa Sitandade 3 woloweza matebulo a masamu, chonsecho vuto linali limodzi: ndinkayamba ndaganiza m'Chingerezi kenako n'kumafuna Chifalansa chake. Chingerezi chimakonda kuika chinthu chenicheni kumapeto, chofotokozera patsogolo. Chifalansa chimatchula chinthucho poyamba, chofotokozera n'kubwera pambuyo, monga momwe timachitira ife. Tsiku limene ndinaona kuti arc-en-ciel ndi uta wa kumwamba, pamene ife timati utawaleza, uta wa Leza, ndinasiya kuzungulira njira yaitali.

Ndikuganiza kuti mukudziwa kale kusiyana kwa le ndi la, komanso kuti dzina wamba limachulukitsidwa ndi s kapena x kumapeto. Ngati izo simunafikepo, yambani kaye kumeneko.

Pezani kope ndi dikishonale yodalirika

Kope likhale lachikuto cholimba, lapaderadera la mayinawa. Dikishonale ndiye pofunika kusamala. Ine ndinagula yanga kwa ogulitsa mabuku pansi m'mbali mwa msewu, K4,000 nthawi imeneyo, ndikudzitama kuti ndagula motchipa. Kunyumba ndinapeza kuti ndi yafotokope yomatidwa bwino, masamba a chilembo P ena mulibe, ndipo pa P m'pamene pali gulu lonse la porte- ndi pare-. Komanso madikishonale ang'onoang'ono a m'thumba aja, a Chifalansa ndi Chingerezi, ambiri salemba momwe dzina lophatikiza limachulukira. Musanalipire, tsegulani pa chou-fleur. Ngati sanalembe choux-fleurs pambali pake, bwezani bukulo. Kunena zoona masiku ano ndalamayo ndi bwino mugulire bandulo: tsamba la Larousse pa intaneti n'laulere, ndipo Wiktionnaire imaonetsa kalembedwe kakale ndi katsopano komwe, zomwe mudzazifuna kwambiri tikafika kutsogoloku.

Dulani dzinalo pakati, muone zidutswa zake

Dzina lililonse latsopano mukakumana nalo, musathamangire tanthauzo. Yambani mwafunsa kuti chidutswa chilichonse ndi mawu a mtundu wanji: dzina, mfotokozi, mneni, kapena kamawu kosasintha ngati mperekezi. Zonse zam'tsogolo zatsamira pa funso limeneli.

Pali a dzina ndi dzina: chou-fleur ndi kabichi-duwa, ndiwo zija timati kolifulawa, wagon-lit ndi chitolokosi cha sitima chokhala ndi mabedi, timbre-poste ndi sitampu ya pa kalata. Pali a mfotokozi ndi dzina, ndipo muno muli chibale chonse: grand-père ndi grand-mère ndi agogo, petit-fils ndi mdzukulu wamwamuna, beau-frère ndi mlamu, belle-mère ndi apongozi aakazi. Chenjerani, belle-mère yemweyo ndi mayi wokupezani, ndiye munthu akamadandaula za belle-mère wake mufunse kaye kuti akunena uti musanayambe kupereka malangizo a banja. Coffre-fort ndi bokosi lolimba losungiramo ndalama, sefa, ndipo rond-point ndi raundabauti.

Gulu lokoma kwa ife ndi la mneni ndi dzina, chifukwa ndi mtolankhani yemwe uja atavala suti. Ouvre-boîte ndi tsegula-chitini, chotsegulira zitini. Porte-monnaie ndi nyamula-ndalama, kachikwama. Porte-parole ndi nyamula-mawu, mneneri wa boma kapena wa chipani. Gratte-ciel ndi kanda-thambo, nyumba yosanja yaitali kwambiri. Casse-tête ndi swa-mutu, nkhani yoimitsa mutu. Amene amayenda ku magalaji kapena kuoda zitsulo za galimoto kwa anzathu a ku Congo amve izi: pare-brise ndi tchinga-mphepo, galasi lakutsogolo, essuie-glace ndi pukuta-galasi, pare-chocs ndi bampala. Mneni wake amakhala wachidule, porte, ouvre, lave, tire, osati porter kapena ouvrir. Chimodzimodzi sitinena kuti mkutolankhani.

Otsalawo ndi a kamawu kosasintha ndi dzina, monga après-midi, masana, sous-sol, chipinda chapansi pa nthaka, ndi sans-abri, munthu wopanda pogona; ndiponso a aneni okhaokha monga savoir-faire, luso, ndi laissez-passer, chiphaso chodutsira. Gulu lililonse lipatseni masamba ake m'kope.

Za à ndi de

Mayina ambiri a tsiku ndi tsiku alibe kamzere kolumikizira, kaja amati trait d'union, koma ali ndi à kapena de pakati. Apa Chichewa chimakupulumutsani kotheratu. De ndi wa, ya, cha wathu: chemin de fer ndi njira ya chitsulo, njanji, salle de classe ndi chipinda cha kalasi, carte d'identité ndi chitupa chodziwikira, pomme de terre ndi apozi wa m'nthaka, kachewere. À akamatsatiridwa ndi ntchito ya chinthucho ndi -ira kapena -era wathu uja: salle à manger ndi chipinda chodyera, chambre à coucher chipinda chogona, machine à laver makina ochapira, fer à repasser chitsulo chositira, simbi, brosse à dents ndi mswachi, burashi yotsukira mano. Nthawi zina à amanena chimene chikuyendetsa chinthucho, monga moulin à vent, chigayo choyendera mphepo, kapena cuisinière à gaz, chophikira cha gasi.

Yesani pa kapu: une tasse de thé ndi kapu ya tiyi, muli tiyi, une tasse à thé ndi kapu yomwera tiyi, ikhoza kukhala yopanda kanthu m'kabati. Mukasokoneza ziwirizi mlendo mumpatsa kapu youma.

Le kapena la

Apa sipovuta. Dzina loyamba ndilo limalamulira: un chou-fleur ngakhale fleur ndi lachikazi, une pomme de terre, un timbre-poste. A mneni ndi dzina pafupifupi onse ndi achimuna, mosayang'ana dzina lomwe lili kumapeto: un lave-vaisselle, un ouvre-boîte, un porte-monnaie, un pare-brise, chonsecho vaisselle, boîte, monnaie ndi brise onse ndi achikazi. Lowezani opanduka awiri atatu, monga la garde-robe, kabati ya zovala, ndi un rouge-gorge, kambalame kofiira pakhosi. Après-midi amalola zonse ziwiri, un kapena une.

Kuchulukitsa: apa m'pamene ndinagwera m'mbuna

Ndikhalapo nthawi pang'ono chifukwa ndalama yanga inapsera pomwepa.

Ndikukonzekera DELF B1, mayeso oyesa luso la munthu pa Chifalansa, ndinkapita kwa mphunzitsi wina wapadera, wa m'nyumba mwake, K20,000 pa mwezi. Munthu wolankhula bwino ndithu, pakamwa pake pamatuluka Chifalansa ngati wa pawailesi. Nditamufunsa za kuchulukitsa mayina ophatikiza anangoti, "Achimwene, musadzivutitse, ikani s uku ndi uku, basi." Ndinalemba lamulo limeneli m'kope n'kuliikira nyenyezi ziwiri. Patapita masabata angapo, mayi wina amene anaphunzitsapo Chifalansa ku sekondale zaka zambiri anavomera kuchonga chimangirizo changa choyeserera. Mutu wake unali kufotokoza zomwe ndinagula pokonzekera phwando. Pepala linabwerako lili lofiira ngati munthu waphererapo nkhuku. Ndinali nditalemba des pommes de terres, des tires-bouchons (zozulira zitsekero za mabotolo a vinyo), des ouvres-boîtes, des timbres-postes a makalata oitanira alendo, ndipo pofuna kukometsa kumapeto ndinaonjeza des arcs-en-ciels. Ma s onse owonjezera anazingidwa ndi bolopeni yofiira, ndipo m'mbali analembamo funso limodzi m'Chichewa: "Kodi nthaka zake ndi zingati?"

Funso limenelo ndilo lamulo lonse. Kachewere ndi wambiri, koma nthaka ndi imodzi: des pommes de terre. Mauta ndi ambiri, koma thambo ndi limodzi: des arcs-en-ciel. Pakakhala à, de kapena en pakati, dzina loyamba lokha ndilo limachuluka, lachiwiri limakhala momwe linalili: des chemins de fer, des salles de classe, des chefs-d'œuvre, ntchito zaluso zopambana, des machines à laver. Ife sitinena kuti zipinda zodyeradyera pofuna kunena zipinda zambiri. Chipinda ndicho chimasintha. Ngati lachiwirilo linali lochuluka kale, likhalebe choncho: une brosse à dents ili ndi s ngakhale mswachi ndi umodzi, chifukwa palibe amene amatsuka dzino limodzi.

Timbre-poste amapusitsa chifukwa mperekezi wake ndi wobisika. Tanthauzo lake ndi sitampu ya ku positi, ndiye positi sichuluka: des timbres-poste. Chimodzimodzi des pauses-café, nthawi zopumira n'kumwa khofi. Koma pamene mayina onse awiri akunena chinthu chomwecho, onse amachuluka: des choux-fleurs, des wagons-lits. Dzina ndi mfotokozi nawonso amachuluka onse, apa mphunzitsi wanga uja ananenadi zoona: des coffres-forts, des ronds-points, des beaux-frères, des belles-mères, des petits-fils, des grands-pères. Onani kuti beau amatenga x, osati s. Grand-mère alibe e pa grand chifukwa m'Chifalansa chakale mawuwa ankalembedwa chimodzimodzi kwa mwamuna ndi mkazi. Pochulukitsa anthu ambiri amalemba des grands-mères. Demi akakhala kutsogolo sasintha ngakhale pang'ono: une demi-heure, des demi-heures.

Tsopano tires-bouchons wanga uja. Mneni wa m'dzina lophatikiza satenga s, zivute zitani. Des tire-bouchons, des ouvre-boîtes, des essuie-glaces. Apa ndi pomwe Chichewa ndi Chifalansa zimayang'ana mbali zosiyana, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake dzanja langa linkathamangira kutsogolo. Ife timachulukitsa kumutu: mtolankhani, atolankhani, mpondamatiki, ampondamatiki, nkhani ndi matiki sizisintha. Iwo amachulukitsa kumchira, mutu n'kuusiya. Mawu osasintha nawonso sakhudzidwa: des sous-sols, des avant-goûts, ndi des haut-parleurs, masipika, chifukwa haut pamenepa akutanthauza mokweza, sakufotokoza dzina. Aneni okhaokha sasintha konse: des laissez-passer, des savoir-faire.

Chowawa chake n'chakuti khutu silingakuthandizeni. Un arc-en-ciel ndi des arcs-en-ciel amamveka chimodzimodzi kupatula un ndi des. Mnzanga wina wometa tsitsi, wochokera ku Lubumbashi amene anakhalapo ku Dzaleka, ndinamufunsa momwe amalembera zotsegulira zitini zambiri. Anaimitsa makina ometera, n'kuyang'ana kudenga, n'kuseka: iye amangonena, za s zimenezo anazisiya kusukulu. Ndinazindikira kuti mphunzitsi wanga uja anali chimodzimodzi, kungoti mmodzi ankandilipiritsa. Choncho munthu wofuna kukuphunzitsani musamuyese ndi kulankhula. Mpatseni pepala alembe pomme de terre, tire-bouchon ndi timbre-poste mochulukitsa, muone.

Nkhani sinathere pamenepo. Pa pepala lomwelo mayi aja anadula s pa des après-midis, n'kulemba des après-midi. Ine, pofuna kubwezako kamodzi, ndinafufuza ndipo ndinapeza kuti kalembedwe kanga n'kololedwa. Onse awiri tinali okhoza. Pa 6 Disembala 1990, Journal officiel, gazeti ya boma la France, inasindikiza kusintha kwa kalembedwe komwe anakonza a Conseil supérieur de la langue française, bungwe la boma loona za chinenerochi, akatswiri a Chifalansa a ku Académie française atavomereza. Mwa zina, anafewetsa mayina a mneni ndi dzina komanso a mperekezi ndi dzina: chikakhala chimodzi palibe s, zikakhala zambiri s kumapeto, osafunsanso tanthauzo. Kale munkayenera kuganiza: thambo ndi limodzi, ndiye des gratte-ciel, ndalama yachitsulo imatengedwa ngati mulu umodzi, ndiye des porte-monnaie, madzi sawerengeka, ndiye des chauffe-eau, zotenthetsera madzi. Kalembedwe katsopano kamati des gratte-ciels, des après-midis, des sans-abris, des pare-brises. Kamapitanso mbali inayo: choumitsira tsitsi, chomwe kale chinali un sèche-cheveux, chinakhala un sèche-cheveu, ngati kuti chimaumitsa katsitsi kamodzi. Lamuloli siligwira ngati dzina lachiwiri lili ndi chilembo chachikulu kapena le ndi la wake: des prie-Dieu, mipando yogwadira popemphera, imakhala choncho.

Kalembedwe kakale sikanathetsedwe. Konse kuwiri n'kolondola. Ku France komweko mkangano unabuka mwamphamvu mu 2016 pamene mabuku a sukulu ambiri anayamba kutsatira katsopanoka, anthu n'kumakalipira kuti anyezi, oignon, akhoza kulembedwa ognon. Kwathu kuno mabuku ambiri omwe mungawapeze m'malaibulale a sukulu ndi m'misika ndi akalekale, ndipo aphunzitsi ambiri anaphunzira ndi omwewo. Maganizo anga ndi awa: dziwani konse kuwiri, koma polemba sankhani kamodzi n'kukakamira mpaka kumapeto kwa pepala. Ine ndimalemba katsopano chifukwa n'kosavuta kukumbukira munthu uli pa mpanipani wa mayeso. Koma ngati mukudziwa kuti wochonga wanu ndi wachikale, monga pa mayeso a m'kalasi, mupatseni des après-midi wake, musakangane ndi munthu wogwira bolopeni yofiira.

Pali kamsampha kena, garde-. M'kalembedwe kakale, akakhala munthu, garde ndi dzina, mlonda, ndiye amachuluka: des gardes-malades, odwazika matenda. Chikakhala chinthu, garde ndi mneni: des garde-robes, des garde-fous, zitsulo zotchingira m'mbali mwa mlatho. Katsopano kamangosiya garde osasintha paliponse. Ichi chokha chinandikopa.

M'kope langa ndinadula tsamba lililonse mizere inayi: dzina ndi un kapena une wake, mitundu ya zidutswa zake, kuchuluka kwakale, kuchuluka kwatsopano. Pa s aliyense ndimafunsa funso la mayi aja, kuti zake ndi zingati. Mayina khumi pa sabata, osapitirira. Loweruka ndimatseka mizere iwiri yomaliza ndi rula n'kulemba pamtima.

Kamzere ndi mayina omatana

Kamzere kalibe lamulo lodalirika, musavutike kulifuna. Arc-en-ciel ali nako, pomme de terre alibe. Chef-d'œuvre ali nako, chemin de fer alibe. Koperani momwe mwaonera mu dikishonale. Ena anamatana kalekale mpaka msoko suonekanso: portefeuille, parapluie, ambulera, passeport, tournevis, pourboire, kangachepe komwe mumapatsa wokutumikirani kuti akamwere. Vinaigre ndi vin aigre, vinyo wowawasa. Gendarme anachokera ku gens d'armes, anthu a zida. Amenewa s kumapeto basi, kupatula tournevis yemwe ali ndi s kale. Kusintha kwa 1990 kunamatanso ena, portemonnaie, weekend, piquenique.

Pali ochepa omwe amasintha pakati ngakhale anamatana, ndipo anayi awa ndi omwe mungakumane nawo msanga: monsieur messieurs, madame mesdames, mademoiselle mesdemoiselles, bonhomme bonshommes. Awa khutu limawamva.

Zotsala

Tête-à-tête, kukambirana kwa awiri, pied-à-terre, kanyumba kofikira, pot-au-feu, nyama yophika pamodzi ndi masamba, va-et-vient, kupita n'kubwera, on-dit, mphekesera: awa sasintha, alowezeni chabe. Mayina a télé-, micro-, anti- ndi ena ochokera ku Chigiriki ndi Chilatini, mbali yoyamba isiyeni. Poyeserera werengani mapaketi a katundu wolembedwa zinenero ziwiri, timabuku ta mafoni ndi mawailesi, ndipo mverani Journal en français facile, nkhani za m'Chifalansa chosavuta za wailesi ya RFI, muli ndi mawu ake olembedwa pafoni, n'kumatola dzina lililonse lokhala ndi kamzere. Mapulogalamu omasulira pafoni agwiritseni ntchito pofuna tanthauzo, koma kuchuluka kwa dzina katsimikizeni mu dikishonale. Ndipo amene akugulitsani mapepala afotokope olembedwa kuti mayina 500 ofunika pa mayeso, tsegulani kaye pa timbre-poste musanatulutse ndalama.